Pepala Lopyapyala M'thumba la Jekete

Jekete la amuna anga ndinkalisita ine. Linali lakuda, lansalu yolemera, losayenera n'komwe kutentha kwa kwathu kunyanja, koma munthu amene Apwitikizi amulemba kuti ndi asimiladu sankafika ku posto atavala malaya okha. Posto inali ofesi ya boma ya dera lathu, kumene kunkakhala shefu, Mzungu wotilamulira. Asimiladu anali munthu wakuda amene boma lamupatsa chikalata chomuyesa Mpwitikizi: wodziwa kulemba ndi kuyankhula chinenero chawo, wa mkazi mmodzi, wodyera patebulo. Amuna anga anachifuna chikalatacho chifukwa cha sukulu. Anali mphunzitsi wa mishoni ya Angilikani, anthu onse ankawaitana kuti Amwalimu, ndipo popanda chikalata boma likanatseka sukuluyo tsiku lililonse limene lafuna. Tsiku limene a ku posto anabwera kudzaona ngati tikudyeradi patebulo, mafoloko ndinabwereka kwa akazi a wansembe, ndipo ndinakawabweza tsiku lomwelo.

Chikalatacho chinabwera ndi katundu wina amene sitinamupemphe: voti. Chaka china Apwitikizi ankasankha pulezidenti kwawo, kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo popeza ankati kuno ndi kwawonso, bokosi linayenera kufika ku posto yathu. Ovota anali Azungu ochepa amene tinali nawo, ndi anthu akuda osakwana zala za manja awiri. Ife akazi awo ntchito yathu inali yochapa ndi kusita.

Ana a masiku ano amaganiza kuti kuvota kwakhala kuli kulowa m'kachipinda n'kuchonga. Kalelo sizinali choncho. Aliyense wopikisana ankasindikiza mapepala akeake okhala ndi dzina lake. Pepalalo linkakupeza kunyumba, iwe n'kulipinda, n'kuliika m'thumba, ndipo tsiku lakelo unkalipereka m'manja mwa shefu. Woponya m'bokosi anali shefuyo, osati iwe.

Pepala la munthu wa boma linabwera ndi msilikali wa ku posto, masana, aliyense akuona. Linali loyera, lochindikala bwino. Amuna anga analilandira ndi manja awiri, koma msilikali atangokhota anandipatsa kuti ndikolezere moto. Sindinakolezere. Ine sinditaya pepala, ndinalilowetsa pansi pa nsalu m'bokosi la zovala. Pepala lachiwiri linali la mkulu wina wa asilikali amene ankatsutsa boma, wolankhula mokalipa, yemwe ankati akapambana adzachotsa wolamulira wamkulu. Limeneli linkaperekedwa mobisa ndi Mzungu wa kantini, yemwe uja ankagulitsa vinyo kwa asodzi. Kwa amuna anga nkhani inathera pomwepo. Pepala lotuluka kuseri kwa migolo ya vinyo sakanalikhudza.

Amuna anga anali ndi mnzawo wapamtima, Msilamu, mwini chombo cha matanga chimene chinkanyamula mchere, nsalu ndi usipa pakati pa magombe athu ndi tsidya lina la nyanja yathu. Tinkawatchula kuti Anahoda, monga mmene amatchulira woyendetsa chombo. Anaphunzira Chipwitikizi ali mnyamata kugombe la nyanja yamchere, anali ndi mkazi mmodzi, ndipo nawonso chikalata anali nacho. Awiriwa ankasiyana pa nkhani ya Mwana wa Mulungu basi. Pa zina zonse ankagwirizana mpaka kutopetsa: kuti vinyo wa kantini akutha amuna, kuti chibalo chikusiya akazi okha ndi minda ya thonje, kuti atsikana ayamba kuzungulira pa msasa wa asilikali, kuti boma likufuna mwana aliyense apemphere m'tchalitchi cha bomalo chokha. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu n'kumadandaula za dziko, ine ndikusenda chinangwa chapafupi. Sankandiwerengera, ndiye ndinkamva zonse.

Poyamba Anahoda ankafuna wotsutsa uja. "Amwalimu," iwo ankatero, "munthu uyu sindimukonda. Akuti sapemphera, akuti anzake ndi aja ofuna ukwati uzitha ngati msika. Koma ndi yekha ali ndi janja lokankha boma. Tikankhe choyamba, za mapemphero tikambe pambuyo."

Wansembe wathu wokalamba, atafunsidwa, anayankha zosiyana. Anati perekani pepala la boma, sungani sukulu, ana aphunzire. Pepala limodzi siligwetsa Mzungu, koma likhoza kugwetsa denga la sukulu.

Amuna anga onsewo ankawakana. Ankati wina akuwauza kuti adye nsomba yowola m'mutu, wina yowola kumchira. "Ndikagwada bwanji Lamulungu," ankafunsa, "nditapereka jina langa kwa munthu wotseka sukulu za Mulungu, kapena kwa munthu woseka Mulunguyo?" Anali otero amuna anga. Nkhani yaing'ono ankaitengera kuguwa.

Kenaka kunabwera namwino wamwamuna wochokera kumtunda, woyenda ndi katemera. Anagona masiku atatu m'mudzi mwathu. Ndinamukayikira atangokhala pampando. Nsapato zake zinali zatsopano kwambiri kwa munthu woyenda pansi kuchokera ku Maniamba. Ankaseka munthu asanamalize kulankhula. Ndipo ankadziwa kale kuti amuna anga amadana ndi vinyo, kuti Anahoda amadandaula za madarasa, sukulu za Chisilamu, ngakhale panalibe amene anamuuza. Tsiku lachiwiri, pansi pa mango paja, anavula chipewa, natulutsa m'kati mwake mapepala opindikapindika.

Anati kulinso munthu wachitatu. Loya, wofatsa, wa banja lake, wosakhala msilikali, wosakhala wa boma. Anati munthuyo amamvera chisoni anthu osauka ndipo salowerera za mapemphero a munthu. Amuna anga anafunsa ngati amapita kutchalitchi. Namwino anati, "Ndamva kuti salumpha." Ndamva! Amuna anga, amene ankabweza mwana kunyumba chifukwa choyankha kuti ndamva m'malo monena ndawerenga, anagwedeza mutu ngati awerenga m'Baibulo.

Mapepala anali awiri. Osati atatu, osati khumi. Namwino atachoka ndinawafunsa amuna anga kuti munthuyu anadziwa bwanji kuti m'mudzi muno mukufunika awiri.

"Mayi, inu mumakayikira ngakhale maji akumwa," anatero.

"Maji ndimawaona pansi pake. Uyu sindikumuona."

"Munthu wachitatuyu sapambana, ndikudziwa. Koma akawerenga akaone kuti kunyanja kuli anthu amene sanagwadire uyu kapena uyo. Siku lina adzawerenga ambiri."

"Akawerenga ndani? Woti akawerenge si shefu yemweyo?"

Anahoda anavuta masiku awiri, akunena kuti kupatsa munthu wosapambana n'chimodzimodzi kuthandiza boma, chifukwa wotsutsa uja ataya mavoti awiri amene akanamuthandiza. Amuna anga anawapanikiza ndi mawu, ndipo pa mawu panalibe wowaposa. Pomaliza Anahoda anatambasula dzanja. "Chabwino, Amwalimu. Tikakhala awiri, shefu sadziwa woti amugwire. Koma musandisiye ndekha." Amuna anga analumbira kuti sadzatero, ine ndili pomwepo ndi mpeni wanga wa chinangwa.

Pepala lawo linali litakwinyika ndi thukuta la m'chipewa, ndiye anandipempha kuti ndiliwongole ndi nsimbi. Apo m'pamene ndinalikhudza koyamba. Linali lopyapyala, lotuwirako, ngati aja okulungira sopo. Ndinapita kubokosi, ndinatulutsa la boma lija, ndinagwira lina kumanja lina kumanzere, n'kutsinzina. Ngakhale wakhungu akanasiyanitsa. Ndinathamangira kwa amuna anga, ndinawauza kuti shefu ali ndi zala, ndipo pepala lililonse lidutsa m'zala zakezo. Iwo anati lamulo likunena kuti voti ndi yachinsinsi. Ndinawauza kuti agwire okha aone. Anakana, amvekere sakufuna kukhudzanso pepala la boma, ndipo anandikalipira chifukwa chosaliwotcha.

Ndinapsa mtima kwambiri sabata imeneyo. Ndinali ndi ana anayi, wachisanu ali m'mimba. Ndinali nditaona amuna otengedwa ku posto akubwerako manja atatupa ndi mbalamatodya, thabwa lija lazibowo lomenyera m'zikhatho, ndi ena osabwerako n'komwe. Ndinkadzifunsa kuti Azungu atatu amene sanaonepo mudzi wathu, amene sakanasiyanitsa usipa ndi utaka, andilande mwamuna chifukwa chiyani. Za vinyo ndi za atsikana ndinkagwirizana nawo amuna anga, mwina kuposa mmene ankaganizira. Koma iwo ankafuna kuima pamaso pa Mulungu ndi manja oyera, ndipo ine ndinkaona kuti sopo wake tikhala ine ndi ana.

Tsiku la chisankho linali Lamulungu. Amuna anga anapinda pepala lawo kanayi, analiika m'thumba la m'kati la jekete, anapemphera, napita kukasamba kunyanja. Jekete anandisiyira kuti ndisite monga mwa masiku onse. Ndinaika makala m'nsimbi, ndinaipukusa mpaka inayaka. Sindinganame kuti ndinalimbana ndi mtima nthawi yaitali. Ndinatulutsa pepala lopyapyala, ndinatsegula nsimbi, ndinaliponya pa makala. Linapsa msanga. Ndinapinda la boma kanayi, ndinalipsinja ndi nsimbi kuti lichepe makulidwe, n'kulilowetsa m'thumba. Ndinkadziwa kuti sadzalitsegula, chifukwa pamaso pa shefu munthu sankatsegula pepala, ndipo zala za amuna anga zinkadziwa choko chokha.

Chimene chimandivutabe ndi chimene chinachitika pambuyo pake. Ndikumaliza kusita mkono wachiwiri, Anahoda anafika kudzatenga mnzawo. Anavala mkanjo woyera ndi jekete pamwamba. Anakhala pakhonde, ndinawapatsa tiyi. Anagunda pachifuwa pamene panali pepala lawo, akumwetulira, nati, "Amayi a kwa Amwalimu, lero amuna anu atipusitsa tonse." Ndikanatha kunena mawu awiri okha. Ndikanati, musapereke limenelo. Koma akanafunsa chifukwa, amuna anga akanamva, akanapisa m'thumba. Ndinawafunsa ngati shuga wakwana.

Anapita awiriwiri, wapansi. Anabwerako dzuwa litapendeka, amuna anga nkhope ikuwala ngati munthu wochokera ku Mgonero. Anati shefu analandira pepala lawo, anawayang'ana, anamwetulira, naliponya. "Mwaona, mayi? Palibe chimene wadziwa." Ine ndinati ndaona.

Mawa lake anawerenga zotsatira pakhonde la posto. Ambiri anali a munthu wa boma. Owerengeka anali a wotsutsa uja, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi a Azungu a kukantini, amene panalibe akanawakhudza. Munthu wachitatu anapeza pepala limodzi.

Amuna anga anafika kunyumba atasintha nkhope. "Anahoda andisiya," anatero. "Anagwira janja langa, andisiya ndekha." Anakhala pampando osavula nsapato. Anayamba kukumbukira tinthu tonse: mmene Anahoda anavutira kuvomera, mmene anachedwera pakhomo la posto, mmene chombo chawo chinkapezera chilolezo mosavuta chaka ndi chaka. Zaka makumi awiri za ubwenzi anazisanthula tsiku limodzi, ndipo paliponse ankapeza chokayikitsa. Ine ndinkangowapatsa madzi akumwa. Anahoda nawonso sanabwere pansi pa mango. Atakumana panjira ya kugombe, aliyense anayang'ana kumbali. Mmodzi yekha mwa iwo ndiye ankaganiza zoona.

Amuna anga anayamba kukonzekera kugwidwa. Anakapereka makiyi a sukulu kwa wansembe. Anandilangiza za ana, mmodzimmodzi. M'mawa uliwonse ankavala jekete n'kukhala pakhonde, kuti asilikali asawapeze ngati munthu wamba. Kunena zoona, ankaoneka onyada pang'ono, ndipo zimenezo zinkandikwiyitsa kuposa china chilichonse.

Tsiku lachinayi asilikali awiri anatulukira m'njira ya ku posto. Amuna anga anaimirira, anamanga mabatani, anatsika pakhonde. Asilikaliwo anawapatsa moni mwaulemu, "Bondiya, Amwalimu," n'kupitirira. Anatsikira kugombe. Posakhalitsa tinamva kulira kwa akazi a Anahoda, kenaka anadutsanso pakhomo pathu, Anahoda ali pakati, manja atamangidwa ndi chingwe cha chombo chawo chomwe. Sanatembenuke kutiyang'ana.

"Alakwitsa munthu," anatero amuna anga. Ndinawagwira mkono, ndinawachonderera kuti akhale pansi. Anandichotsa dzanja, natsatira asilikali aja mpaka ku posto, kukauza shefu kuti pepala limodzi lija linali lawo.

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva patapita nthawi kwa womasulira wa ku posto, chifukwa amuna anga sananene. Akuti shefu anaseka mpaka kupukuta misozi. Anawauza kuti, mphunzitsi, pita kwanu. Lako ndinaligwira ndekha, linali lochindikala bwino. Ndiwe Mpwitikizi wabwino. Amuna anga akuti anaumirira, analumbira, ndipo shefu anaitana Mzungu mnzake kuti adzaone munthu wakuda wopempha mlandu wa mwini. Anawatulutsa mwaulemu, anawagwira ngakhale chanza.

Ndinawaona akubwera chapatali, akuyenda pang'onopang'ono, jekete lili pamkono. Ndinali nditakonza zonena. Ndinali wokonzeka kukalipa, kuwaonetsa ana, kuwaonetsa mimba. Analowa m'nyumba, anapachika jekete pa msomali wake, anatsegula bokosi la zovala, anakweza nsalu pamene ankadziwa kuti ndimabisa mapepala. Anayang'ana kanthawi, natseka. Kenaka anandifunsa funso limodzi lokha.

"Nsimbi mumasunga kuti?"

Ndinawalozera. Anaitenga, anakaiika pa shelefu ya mabuku awo.

Anahoda anamenyedwa, analandidwa chilolezo cha chombo, natumizidwa kutali kummwera. Chombo chinawolera pamchenga. Anabwerako patapita zaka, atakalamba, manja osatha kufumbata, ndipo anasamukira kwa abale a akazi awo cha ku Lunho. Amuna anga anapitako kamodzi. Anayenda tsiku lonse, anakhala pakhomo, Anahoda sanatuluke. Amuna anga akanatha kunena kuti wolakwa anali ine, mkazi wawo. Ndikudziwa kuti sananene, chifukwa akazi a Anahoda anapitiriza kundipatsa moni mpaka imfa yawo, koma akaona amuna anga ankalavula malovu pansi. Mudzi wonse, Asilamu ndi Akhristu omwe, unkati Amwalimu anagulitsa mnzawo. Iwo anasenza zimenezo osatsegula pakamwa.

Patapita miyezi, nyuzipepala yakale inafika kumishoni itakulunga mabuku. Wansembe anawerengamo kuti munthu wachitatu uja anali atachoka pa mpikisano chisankho chisanachitike, ndipo anauza omutsatira kuti avotere wotsutsa uja, yemwe amuna anga ankati amaseka Mulungu. Za kutchalitchi kwake nyuzipepalayo sinanene kanthu. Namwino uja sanabwerenso ndi katemera. Mpaka lero sindidziwa ngati anatumidwa kudzatchera anthu awiri amene shefu ankawakayikira kale, kapena anali wopusa wina wokhulupirira, amene nayenso nkhani inamupeza mochedwa. Masiku ena ndimati anatumidwa. Ndikakumbukira nsapato zija, sindikayika n'komwe.

Sukulu sinatsekedwe. Ana anga asanu anakula ndi bambo wawo, anadya nawo, anamenyedwa nawo makofi a masamu. Anthu akandifunsa ngati munthu woopa Mulungu ayenera kuvotera wachitatu pamene awiri akuluwo onse akununkha, ndimati funsani amene adzatsale ndi ana, ndipo funsaninso amene mwagwirana naye chanza. Sindinapepese kwa amuna anga. Ndikanabwerera m'mawa uja, pepala lija ndikanaliwotchanso. Koma tiyi uja ndimamuonabe m'manja mwa Anahoda, ndipo pamenepo ndilibe chodzitetezera.

Amuna anga sanandimenye, sanandinyoze, sanandichotsere ulemu pamaso pa anthu. Tinakhala limodzi zaka zambiri pambuyo pake, kudutsa nkhondo, kuthawa, kubwerera. Malaya, mathalauza, zonse ndinkachapa ndi kusita ine, ndikabwereka nsimbi pa shelefu yawo. Koma Loweruka lililonse ankakoleza okha makala, n'kuyala jekete patebulo lija la mafoloko obwereka. Sankadziwa kusita. Ankawotcha kolala, ankasiya mizere iwiri pamkono, ankapita kutchalitchi akuoneka ngati munthu wopanda mkazi. Ndikati ndithandize, ankati, "Zikomo, mayi, ndimaliza," mwaulemu kwambiri, ndipo asanalivale ankapisa dzanja m'thumba la m'kati, ngakhale munalibe kanthu.

Ndinadzalisitanso tsiku limene tinkawaveka kuti tikawaike. Panalibenso wondiletsa.